Ndege za nsalu ndi matabwa zikamenyana patebulo

Mu 1968, ku Lake Geneva m'dziko la America, okonda masewera a patebulo anachita msonkhano woyamba wa Gen Con. Mwa masewera amene anaseweredwa kumeneko munali Fight in the Skies, opangidwa ndi Mike Carr, amene kampani ya TSR inadzawatulutsanso mu 1982 ndi dzina loti Dawn Patrol. Wosewera sankangokankha kandege pa bolodi ayi. Ankakhala ndi woyendetsa wakewake wa dzina lake, amene luso lake linkakula akabwerako wamoyo kunkhondo, ndipo akaphedwa zake zinkathera pomwepo.

Ndege za m'masewerawa ndi za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Zambiri zinali za mtundu wa biplane: mapiko awiri osanjikizana, omangidwa ndi timitengo ndi mawaya, okutidwa ndi nsalu. Mainjini a nthawiyo anali ofooka, choncho ndege inayenera kupepuka koma osathyoka.

Pofuna kumvetsa masewerawa, mpofunika kuyambira pa injini ya rotary. Injini yotere inkazungulira yonse pamodzi ndi chopupiza chakutsogolo, ndipo mphamvu ya kuzungulirako inkakoka ndege. Sopwith Camel ya ku Britain, imene inalowa m'nkhondo mu 1917, inkakhotera kumanja mwamsangamsanga mphuno ikugwa, pomwe kumanzere inkakhota monyinyirika mphuno ikukwera. Kwa katswiri chimenechi chinali chida, koma ophunzira ambiri chinawapha asanaone n'komwe mdani. Mu Wings of War, masewera a mu 2004 a Andrea Angiolino ndi Pier Giorgio Paglia a ku Italy, ndege iliyonse ili ndi makadi akeake a kayendedwe, ndipo a Camel amakhota kwambiri kumanja kusiyana ndi kumanzere. Apa opanga anagwira ntchito yotamandika, chifukwa wosewera amaphunzira khalidwe la ndegeyo ndi manja ake osawerenga buku la mbiri.

Wosewera amasankhiratu makadi atatu mobisa, kenaka onse amawavundukula limodzi, limodzi. Khadi la stall limaimira ndege imene yataya liwiro, yangotsala pang'ono kugwa. La Immelmann, lotchedwa dzina la Max Immelmann wa ku Germany, limatembenuza ndege kuti ibwerere kumene yachokera, koma liyenera kukhala pakati pa makadi awiri oyenda molunjika. Ukaiwala lamulolo, wadzipereka wekha.

Mfuti nazo zinali ndi nkhani yake. Mu 1915 kampani ya Anthony Fokker inaika pa ndege kachipangizo kolola zipolopolo kudutsa pakati pa masamba a chopupiza osawagunda, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa ankalozetsa ndege yonse kwa mdani. Komabe mfutizo zinkakakamira kawirikawiri, moti ena ankayenda ndi kahamala kogogodera. Patebulo, khadi losonyeza kuti mfuti yakakamira limamusiya wosewera akungoyang'ana mdani ali patsogolo pake penipeni.

Kukhala kumchira kwa mdani, kumene osewera amati tailing, kunali m'malangizo amene woyendetsa ndege Oswald Boelcke analembera anyamata ake mu 1916: ukira kuchokera kumbuyo, dzuwa lili kumsana, ndipo usaombe usanayandikire. Mmodzi wa ophunzira ake, Manfred von Richthofen, anagwetsa ndege 80 asanaphedwe pa 21 Epulo 1918. Wogwetsa ndege zisanu ankatchedwa kale ace.

Koma ulemu umenewu umabisa maliro ambiri. Mu Epulo 1917 mokha, gulu la ndege la Britain linataya ndege 245, ndipo oyendetsa ake sankapatsidwa maparachuti mpaka nkhondo inatha. Ndege ikagwira moto m'mwamba panalibe kothawira. N'chifukwa chake, mwa masewera a patebulo, Flying Circus ya Erika Chappell, imene inatuluka mu 2020 ndipo nkhani yake imachitikira m'dziko longopeka, siwerenga mabowo a pa mapiko okha. Imawerenganso kupsinjika kwa mtima wa woyendetsa ndi zimene amachita akatera pansi kuti aiwale zomwe waona. Masewera ongowerenga liwiro ndi zipolopolo amasangalatsa ndithu, koma amene amapatsa woyendetsa dzina ndi mantha ndiwo amanena zoona za nkhondo imeneyi.