Kuchokera pa Handulo Kufika pa Kompyuta: Mbiri ya Kuliza Galimoto

Injini ya petulo ili ndi chilema chimodzi chimene yakhala nacho chiyambire, chomwe ndi chakuti siingathe kuyamba kuzungulira payokha. Kuti ilire, pamafunika mphamvu yochokera kunja yoizungulitsa mpaka mapisitoni, zitsulo zimene zimakwera ndi kutsika m'kati mwake, akoke mpweya wosakanikirana ndi mafuta, aupanikize, kenako pulagi itulutse kamoto kouyatsa. Ntchito yokonza galimoto yokana kulira yakhala ikusintha motsatira gwero la mphamvu yoyambayi, pakuti njira iliyonse yatsopano inkathetsa vuto lina kwinaku ikuwonjezera malo amene makaniko ayenera kufufuzamo.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, galimoto zambiri ku Ulaya ndi ku America zinkalizidwa popukusa handulo yolowetsedwa kutsogolo kwa injini, monga mmene zigayo zina za dizilo zimalizidwira kumidzi mpaka lero. Moto wa mapulagi unkachokera ku magineto, chipangizo chopanga magetsi chikamazungulitsidwa ndi injini, ndipo mtundu wake wamphamvu unatulutsidwa ndi kampani ya Robert Bosch ya ku Stuttgart mu 1902. Wopukusa handulo ankazindikira zambiri ndi mkono wake, chifukwa injini yopepuka mopitirira muyeso inkasonyeza kuti mpweya ukuthawa m'malo mopanikizika, pomwe yolemera bwino koma yosalira inkamutumiza kukaona mafuta kapena moto. Komabe ntchitoyi inali yoopsa, pakuti moto ukayaka pisitoni isanafike pamwamba, injini inkabwerera m'mbuyo ndipo handulo inkathyola dzanja la munthu.

Zinthu zinasintha mu 1912 pamene kampani ya Cadillac, motsogozedwa ndi Henry Leland, inayamba kugulitsa galimoto zokhala ndi sitata, yomwe ndi mota yamagetsi yozungulitsa injini. Anaipanga ndi Charles Kettering pamodzi ndi anzake a kampani ya Delco ku Dayton, m'chigawo cha Ohio. Ambiri ankaganiza kuti mota yokwanitsa ntchito imeneyi ikhala yaikulu mosayenera kuikidwa m'galimoto, koma Kettering, amene anali atapangapo mota ya makina owerengera ndalama m'masitolo, ankadziwa kuti mota yaing'ono imatha kupirira katundu woposa msinkhu wake malinga ngati ikugwira ntchito kwa kanthawi kochepa. N'chifukwa chake mpaka pano sitata imapsa munthu akaikakamiza kuzungulira nthawi yaitali. Pofika mu 1919, ngakhale Ford Model T, galimoto ya anthu wamba, inkapezeka ndi sitata.

Kuyambira pamenepo batire, imene Gaston Planté wa ku France anaitulukira mu 1859 pogwiritsa ntchito mtovu ndi asidi, inakhala poyambira pa kufufuza kulikonse, ndipo khutu la makaniko linatenga malo a mkono. Galimoto ikakhala chete kiyi atapotokoledwa, kapena ikangogogoda kamodzi, ankakayikira batire yofooka, mitu ya batire yochita dzimbiri, mawaya omasuka kapena sitata yeniyeniyo. Injini ikamazungulira mwaulesi, ankadziwa kuti magetsi ndi ochepa, pomwe ikamazungulira mwamphamvu koma osalira, ankasiya za batire n'kuyang'ana ngati mafuta akufika mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, komanso ngati mapulagi akutulutsa moto. M'zaka za m'ma 1950 makampani ambiri a ku America anasiya mabatire a mavoti 6 n'kuyamba a mavoti 12, ndipo kuyambira mu 1960 alitaneta, imene imadzaza batire ngakhale injini ikulira pang'onopang'ono, inayamba kulowa m'malo mwa dainamo. Ngakhale zinali choncho, handulo siinathe msanga, pakuti Land Rover zakale ndi Citroën 2CV, imene inapangidwa mpaka mu 1990, zinkagulitsidwabe nayo kuti izithandiza batire ikatha kutali ndi galaja.

Kusintha kwina kunadza m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene kabuleta inalowedwa m'malo ndi timipopi topopera mafuta tolamulidwa ndi kompyuta ya injini. Kompyutayi imadalira masensa, tizipangizo toiuza mmene injini ikuzungulirira ndi mmene yatenthera, moti sensa imodzi ikafa imatha kuletsa mafuta ndi moto ngakhale zina zonse zili bwino. Kuyambira mu 1996 galimoto zonse zatsopano zogulitsidwa ku United States zinayenera kukhala ndi OBD-II, njira yofanana yolumikizira makina owerengera zizindikiro za vuto zimene kompyuta yasunga. Kusinthaku kunafika m'magalaja a ku Malawi makamaka kudzera m'galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zomwe zambiri mwa izo zimasintha zokha magiya, choncho sizilira pozikankha monga mmene madalaivala ankapulumukira kale batire ikafooka.

Makina owerengerawa athandiza kwambiri, koma amangotchula dera limene kompyuta yaona chachilendo, ndipo waya wothetheka kapena batire yofooka imatha kuchititsa kuti sensa yabwinobwino ioneke ngati yakufa. Makaniko amene amagula chitsulo chatsopano atangowerenga chizindikiro amawonongetsa mwini galimoto ndalama pachabe. Choncho ophunzira ntchitoyi ayenera kuphunzitsidwabe ndondomeko imene amakaniko akale anaikhazikitsa, yoyamba ndi kutsimikiza ngati injini ikuzungulira, kenako kuona mafuta, moto ndi kupanikizika kwa mpweya, chifukwa kompyuta inangosintha mmene zinthuzi zimalamulidwira koma injini ikuzifunabe zonse kuti ilire.