Utoto wa m'Mapanga a Chongoni ndi Funso la Zaka Zake

M'midzi ya kuno ku Matandani, m'mapiri a Neno, amayi amakongoletsa zipupa za nyumba ndi dothi lofiira ndi loyera nthaŵi ya chilimwe. Mvula ikagwa kaŵiri katatu, maluŵa aja amasuluka. Dothi lomwelo ndilo linali utoto wa makolo akale, koma pamene iwo analipaka pathanthwe lobisika ku mvula, lakhalapo kufikira lero. Tikatsata mapiri athuŵa kuloŵera kumpoto, kupyola Ntcheu, tifika ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula zotere. Bungwe la UNESCO linaŵerengera malowo pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006.

Zojambulazo nzamitundu iŵiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira, amati ndi za Akafula, alenje amene alimi anawapeza m'dziko muno. Zoyera ndi za Acheŵa: zina zooneka ngati chikopa choyanika, zimene ofufuza amati zinali zolangizira pachinamwali, zina ndi zilombo za Nyau monga kasiyamaliro. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort, analemba za ubale wa zojambulazi ndi Nyau pamodzi ndi N. E. Lindgren m'chaka cha 1978. Pamene mitundu iŵiriyi yakumana pamwala umodzi, choyera chimakhala pamwamba pa chofiira. Izi zitiuza chimene chinayamba, koma sizitiuza chaka.

Tsono akatswiri a kemisitiri angatithandize motani? Pa funso lakuti utotowo ngwachiyani, yankho lawo nlomveka. Ali ndi zipangizo zounikira mwala ndi X-ray popanda kuukanda, ndipo chinthu chilichonse cha mu utoto chimabweza kuŵalako mwa njira yakeyake. Kufiira kwa utoto wotere kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothi, mbale wake wa dzimbiri la pakhasu. Utoto umenewu umaloŵerera m'timing'alu ta thanthwe, ndipo dzuŵa siliusulutsa msanga. Woyera uja ndi dongo, lopakidwa ndi chala mochindikala ngati phala. Limangokhala pamwamba, likauma nkumatekedzeka. Nchifukwa chake maso amanyenga: chojambula choyera cha dzana chingaoneke chokalamba kuposa chofiira chimene chinachitsogolera ndi mibadwo yambirimbiri.

Funso la zaka ndilo louma. Njira yodziŵika kwambiri anaitulukira Willard Libby ku Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chimalandira kaboni 14 pamene chili moyo. Chikafa chimaleka, ndipo theka la kaboniyo limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Poyesa wotsalayo tidziŵa nthaŵi imene chinthucho chinafa. Ndimo anadziŵira kuti nyama za m'phanga la Chauvet ku France, lopezedwa mu 1994, zinajambulidwa ndi makala zaka zoposa 30,000 zapitazo. Mu 2017 Adelphine Bonneau ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Botswana, Lesotho ndi South Africa. Iwo anayamba afufuza kaye kuti ndi utoto uti wakuda umene uli ndi kaboni weniweni, kenaka nkutsuka ndi asidi nkhungu ya mchere imene imamera pamwamba pa mwala, popeza nayonso ili ndi kaboni wake wosokoneza. Zina za ku Botswana zinapezeka kuti nza zaka zoposa 5,000.

Komatu dothi lofiira ndi dongo loyera sizinapumepo ndipo sizinafepo. Mulibe wotchi ya Libby mwa izo. Ngati wojambula anasakaniza mafuta, magazi kapena utomoni, zotsala zake nzochepa kwambiri, ndipo zasanganikirana ndi ndere ndi mwaye wa moto wa abusa a ng'ombe.

Ena amayang'ana pansi m'malo moyang'ana pakhoma. Mu 1972 J. Desmond Clark anakumba m'phanga la Chencherere napeza zida za miyala ndi mafupa a anthu, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anaonetsa kuti ena mwa mafupawo nga zaka pafupifupi 5,000. Apa tiyenera kukumbukira phunziro la chaka choyamba cha filosofi: zinthu ziŵiri kupezeka pamodzi sindiko kuti zinabadwa pamodzi. Tchalitchi cha maziko a kale chingathe kukhala ndi penti wa chaka chatha. Mafupawo atiuza kuti anthu analimo m'phangamo, koma sanena kuti ndi dzanja lawo linajambula.

Zilombo zoyera za Nyau zimadziulula zokha, pakuti pakati pa izo pali galimoto. Benjamin Smith, amene anayenda m'mapangaŵa m'zaka za m'ma 1990, anafotokoza kuti zinajambulidwa pamene Nyau zinali pampanipani: choyamba kwa Angoni kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenaka kwa amishoni ndi boma la atsamunda. Amuna anathaŵira nazo kumapiri, ndipo thanthwe linasunga zimene sakanatha kuonetsa pabwalo. Nkhaniyi itikhudza ife ansembe. Mkangano wa Eklezia ndi Nyau ku Mua m'zaka za m'ma 1920 timaudziŵira m'mabuku a tsiku ndi tsiku amene abambo anzathu analemba. A mbali inayo sanasiye mabuku. Anasiya dongo pamwala. Ife tiganiza kuti wolemba mbiri ya Mpingo m'Malaŵi amene sanakwereko ku Namzeze waŵerenga theka la umboni.

Patsala vuto limodzi limene makina sangathetse. Kuyesa zaka kumafuna kupala kachidutswa ka utoto, ndipo chopalidwacho sichibwereranso. Chilolezo cha boma chingakhalepo, koma zojambula za chinamwali nza anamkungwi, ndipo za Nyau nza eni dambwe. Ameneŵa akali moyo m'midzi ya m'tsinde mwa Chongoni, ndipo wobwera ndi kampeni ndi kabotolo ayenera kuyamba waodira kwa iwo.