Agonia, mawu obadwira m'bwalo la mpikisano

Mkhristu wa ku Gimboki, kufupi ndi Dangamvura mumzinda wa Mutare, akatsegula Luka 22:44 amapeza Yesu akupemphera pa Phiri la Azitona, thukuta likugwa pansi ngati madontho a magazi. Luka analemba m'Chigiriki, ndipo mawu amene anasankha pofotokoza kupsinjika mtima kumeneku ndi agonia. M'Chipangano Chatsopano chonse amapezeka pavesi lokhali.

Tsinde lake ndi agon, kutanthauza bwalo la masewera kapena mpikisano weniweniwo, monga wa ku Olympia umene mbiri imati unayamba mu 776 BC. Poyamba agonia kunali kulimbana kwa ogwetsana. Pambuyo pake mawuwa anayamba kunenanso za nkhawa imene imagwira munthu akamadikira kulowa m'bwalo, mtima ukugunda, zikhatho zili thukuta lokhalokha. Choncho Luka akuonetsa munthu amene wamanga m'chiuno, akulimbana ndi chimene chikubwera.

M'Chigiriki mayina amakhala aamuna, aakazi kapena apakati. Agon ndi lachimuna, agonia ndi lachikazi. Chichewa chimasintha dzina kumayambiriro, monga munthu ndi anthu, pomwe Chigiriki chimasintha kumapeto: agonias ndiye kuti "za kupsinjika". Mneni wake ndi agonizomai, kuyesetsa ndi mphamvu zonse, ndipo Paulo anaugwiritsa ntchito pa 1 Akorinto 9:25 ponena za ochita mpikisano.

Mabuku ena akale olembedwa pamanja, monga Codex Vaticanus ndi Papyrus 75, alibe mavesi 43 ndi 44 a Luka 22, n'chifukwa chake Mabaibulo ena amaikapo mawu ofotokozera m'munsi mwa tsamba.