Phala Lotsekemera la ku Chinatown

Kale, Singapore asanakhale mzinda wa nyumba zosanjikana, anthu ochokera kummwera kwa China, makamaka a ku Guangdong, ankayendayenda m'makwalala atasenza miphika ya phala lotsekemera lotchedwa tong sui pa mtengo wopingasa paphewa, nagulitsa kwa amtengatenga apadoko, amene ankadya thukuta lawo pa dzuwa loswa mtengo. Ntchito yake inali yowawa ndithu, pakuti chitowe chakuda, mtedza ndi mpunga zinkaperedwa pamphero kusanache, ndipo nyemba zofiira zinkawira pang'onopang'ono kufikira zitafewa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Boma litayamba kulembetsa ogulitsa m'misewu mu 1968, linawamangira misika, ndipo a ku Chinatown analowa mu Chinatown Complex mu 1983, kumene mabanja ena akuphikabe monga anawaphunzitsira makolo awo. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemekeza mwambo wa misikayi, komatu ulemu wotere suchepetsa nkhawa yanga, popeza ophika ambiri akalamba, ndipo ana ofuna kulandira mphero m'manja mwawo ndi owerengeka.