Mbiri ya Nkhosa za Nyama ndi Nkhuku za Mazira

Munthu wogwira nchito yace ina, amene asunga kamunda pakhomo naweta nkhosa zowerengeka za ndiwo ndi nkhuku zoikira mazira, angayese kuti ziwetozi zinali zotere cikhalire. Koma mbiri isonyeza kuti zinafika potero cifukwa ca alimi amene anasankha mbeu ya ziweto zao mosamala ndi moleza mtima.

Kale ku England nkhosa zinali kuwetedwa makamaka cifukwa ca ubweya, ndipo zinali kuphedwa zitakalamba kale. Mlimi wina dzina lace Robert Bakewell, wa ku Dishley m'dziko la Leicestershire, analowa m'malo mwa atate wace pa munda wao m'caka ca 1760. Iye anapatula nkhosa zamphongo kuti zisayende pamodzi ndi zazikazi, nakweretsa zokhazo za mafupa ang'ono, za mnofu wambiri, ndi zonenepa msanga. Motero unabadwa mtundu wochedwa Dishley Leicester. Alimi anzace anali kulipira ndalama zambiri kuti abwereke nkhosa zace zamphongo, ndipo nzeru yace inawanda kutali.

Nzeru yomweyi inagwira nchito ku South Africa, kumene alimi a m'maiko ouma anasowa nkhosa ya nyama yopirira cilala. M'zaka za m'ma 1930 anakweretsa Dorset Horn ya ku England ndi Blackhead Persian, imene kwao kwenikweni ndi ku Somalia. Mwana wace anachedwa Dorper, ndilo dzina lolumikiza maina awiriwo. Dorper ndi yoyera thupi ndi yakuda mutu. Ikula msanga pa msipu wocepa, ndipo ubweya wace uthothoka wokha, kotero kuti mwini sabvutika ndi kumeta.

Nkhuku nayo inayenda njira yofanana. M'caka ca 1886 William Cook, wa ku Kent, anaturutsa nkhuku yakuda yochedwa Orpington. Ku England okonda zionetsero anasamala kukongola kwa nthenga zace, nayamba kucepa mazira. Koma alimi a ku Australia, atalandira nkhukuyi, anasunga misoti yoikira kwambiri, ndipo panaturuka mtundu wa Australorp. Pa mpikisano wa 1922 mpaka 1923, nkhuku zisanu ndi imodzi za mtunduwu zinaikira mazira 1,857 m'masiku 365, ndiko kuti iri yonse mazira oposa 300. Iyi ndiyo nkhuku imene anthu a ku Malawi aicha Mikolongwe, potsata dzina la malo a boma kumene anali kugawirako anapiye ace kwa alimi a m'midzi.

Komatu ku midzi kunaoneka kanthu kena. Anapiye ambiri a Mikolongwe, polekedwa kuti adzifunire okha cakudya monga nkhuku za cikuda, anafa ndi njala, citopa, ndi akabawi. Mbeu yabwino inafika, koma cakudya, khola ndi katemera sizinatsagane nayo.

Tsono mphunzitsi amene adzayang'anira munda wa sukulu akumbukire mbali ziwiri za mbiriyi. Ana aphunzire kusankha nkhosa ndi nkhuku zoyenera kusiyira mbeu, monga anacita Bakewell. Aphunzirenso kuti ciweto cosankhidwa cifuna kudyetsedwa ndi kutetezedwa koposa cinzace. Wosiya mbali yaciwiriyi adzataya ndalama zace pamodzi ndi ziweto.