Mbiri ya Nyali pa Gombe la Mbamba Bay

Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa limene dziko la Tanzania linakhazikitsa mu 2012, anayang'anizana ndi Nkhata Bay kutsidya kwa nyanja. Anthu a magombe awiriwa akhala akusinthana nsomba, maukwati ndi mawu kuyambira makedzana, ndipo ena mwa mawuwo ndi maina a nyali. Wolondola mainawo amapeza njira imene kuunika kunadzera polowa m'nyumba.

Poyamba kuunika kunali moto weniweni: chikuni cha pamafuwa, kapena muuni wa udzu umene asodzi ankakopera usipa mwezi ukakhala kumdima. Mpaka lero ku Malawi usodzi wa nyali umatchedwa kauni, liwu la tsinde limodzi ndi muuni ndi kuunika.

Palafini anabwera ndi kanyali kachitini kopanda galasi, kamene Aswahili amati koroboi kapena kibatari, ndipo Achewa amati koloboyi. Lawi lake limafuka mwaye, ndipo mwera ukangowomba limazima. Ku Ulaya vutoli anali atalithetsa kale: m'zaka za m'ma 1780 Aimé Argand wa ku Geneva anazinga lawi ndi chumuni chagalasi, likumayaka mokhazikika, utsi n'kuchepa. Dzina la Chiswahili la nyali yagalasi, chemli, ndi liwu lomwelo la chumuni. Kuno galasi linali lachilendo kwambiri, moti John Moir wa kampani ya African Lakes anatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, ndipo dzinalo linamatirira pa kampani yonse.

Sukulu za mishoni zinawonjezera njala ya kuunika. William Percival Johnson wa UMCA, amene anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, anamwalira mu 1928 ku Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay. Nthano zimayenda bwino mumdima, koma buku limafuna nyali, ndipo mibadwo ya ana a m'mbali mwa nyanja inaphunzira zilembo itaweramira utsi wa koloboyi.

Komatu nyali yowala koposa sinkagona kunyumba. Nyali yopopa, ya mtundu wa Petromax imene Max Graetz anakonza ku Berlin mu 1910, inasanduka chida cha asodzi, ndipo ku Tanzania amaitcha karabai, dzina lotsalira ku nyali zakale za carbide. Chifukwa chake n'chapafupi: panyanja usipa unkabweza ndalama za palafini, pamene kunyumba mafuta ankangotha. Choncho nyanja inkaoneka ngati mzinda usiku, mudzi uli bii.

Zinthu zasintha posachedwa. Mu 2018 nthambo za magetsi zochokera ku Makambako zinafika ku Songea n'kulumikiza chigawo cha Ruvuma ku magetsi a dziko lonse, ndipo timapanelo ta sola tafalikira pamadenga. Koma babu la LED lolendewera lopanda chophimba labweretsa vuto lina: limathobwa m'maso, ndipo pepala loyera limanyezimira mpaka wowerenga kutopa. Vutoli nalonso si lachilendo. Mu 1925 Marvin Pipkin wa kampani ya General Electric anapeza njira yochititsa khungu galasi la babu mkati mwake kuti kuwala kumwazike. Nyali zapakhoma zagalasi losaonekera mkati zimatsata nzeru yomweyo: zimabisa babu, kuwala n'kugunda khoma n'kubwerera m'chipinda mofatsa.

Motero ntchito ya galasi yatembenuka. Kale linkatchinjiriza lawi ku mphepo. Lero likutchinjiriza diso ku kuwala. Koloboyi, chemli ndi karabai zinalandira maina chifukwa zinafika m'manja mwa anthu wamba. Nyali yapakhoma nayonso idzayesedwa ndi muyeso womwewo: mtengo umene banja la msodzi lingakwanitse, ndi maso a mwana amene akuwerenga pansi pake.