Cochlear implant

Cochlear implant ndi chipangizo chamagetsi chomwe madokotala amaika mkati mwa khutu pochita opaleshoni, pofuna kuthandiza munthu yemwe ali ndi vuto lalikulu la kusamva. Chipangizochi n'chosiyana ndi makina wamba othandiza kumva, omwe amangokweza mawu. Icho chimalambalala mbali ya khutu yomwe inawonongeka n'kutumiza timphamvu ta magetsi mwachindunji ku mtsempha wa kumva. Pofika mu Disembala 2019, zipangizo zoterezi pafupifupi 736,900 zinali zitaikidwa m'makutu a anthu padziko lonse. Ku Malawi opaleshoniyi yachitikapo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mmene khutu limamvera

Mawu akalowa m'khutu amagwedeza nembanemba ya m'khutu, ndipo timafupa titatu timene tili kuseri kwake timapititsa kugwedezekako ku kachiwalo kopindikapindika ngati chigoba cha nkhono, komwe madokotala amakatcha cochlea. Mkati mwa kankhonoka muli madzi ndiponso timaselo masauzande angapo tokhala ndi titsitsi tating'ono kwambiri. Madziwo akagwedezeka, titsitsito timapindika, ndipo timaseloto timasandutsa kugwedezekako kukhala uthenga wa magetsi umene mtsempha wa kumva umakapereka ku ubongo.

Mbali iliyonse ya kankhonoka ili ndi mawu ake. Mawu a nthetemya amamveka pakhomo pake, pomwe mawu a besi amamveka mkatikati, cha kunsonga. Georg von Békésy analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa cha kafukufuku wake pa nkhaniyi, ndipo mapangidwe onse a chipangizochi atsamira pa mfundo imeneyi.

Timaselo ta titsitsi tikafa sitimeranso. Nthawi zambiri mtsempha wa kumva umakhala udakali wamoyo, kungoti wasowa choupatsa uthenga. Apa ndi pomwe chipangizochi chimagwira ntchito.

Zigawo zake

Chipangizochi chili ndi zigawo ziwiri. Chakunja chimavalidwa kuseri kwa khutu, ndipo chili ndi mayikolofoni, kakompyuta kosanthula mawu, batire, ndi kawaya kozungulira komwe kamamatirira pamutu ndi mphamvu ya maginito. Chamkati chimaikidwa pansi pa khungu, pa fupa la kuseri kwa khutu. Kuchokera pamenepo pamatuluka kachingwe kofewa, kopyapyala, komwe kamalowetsedwa mu kankhono kaja. Pa kachingweka pamakhala timaelekitirodi, nthawi zambiri pakati pa 12 ndi 22 malinga ndi kampani yomwe yapanga.

Mayikolofoni ikatola mawu, kakompyuta kamawagawa m'magulu kuyambira a besi mpaka a nthetemya, kenaka kamatumiza uthengawo kudutsa pakhungu ngati mmene wailesi imachitira. Mphamvu yoyendetsa chigawo chamkati imadutsanso njira yomweyo, n'chifukwa chake m'mutu simukhala batire. Elekitirodi iliyonse imadzutsa mtsempha wa pamalo pomwe yagona, ndipo ubongo umamva ngati mawu a gulu la pamalopo.

Mbiri ya kupangidwa kwake

Cha m'ma 1800, Alessandro Volta wa ku Italy anaika tizitsulo m'makutu ake n'kutilumikiza ku batire, ndipo anamva phokoso longa la chinthu chowira. Papita zaka zoposa 150, mu 1957, André Djourno ndi Charles Eyriès a ku Paris anaika waya pa mtsempha wa kumva wa munthu wina wosamva. Munthuyo anatha kumva phokoso ndi kayendedwe ka mawu, koma chipangizocho sichinakhalitse.

Nkhaniyi inafika kwa William House, dokotala wa makutu wa ku Los Angeles, yemwe anaika zipangizo zake zoyamba mu 1961. Chipangizo cha House chinali cha njira imodzi yokha. Chinkathandiza munthu kumva phokoso la zinthu zomuzungulira komanso kuwerenga milomo mosavuta, koma osati kumva bwino zolankhula. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankakayika ngati mawaya ochepa angalowe m'malo mwa timaselo masauzande.

Zinthu zinasintha patabwera zipangizo za njira zambiri. Ku Vienna, Ingeborg Hochmair ndi Erwin Hochmair anapanga chipangizo chomwe dokotala Kurt Burian anachiika mwa munthu mu Disembala 1977, ndipo pambuyo pake awiriwa anayambitsa kampani ya MED-EL ku Innsbruck. Ku Melbourne, Graeme Clark anavutika kupeza njira yolowetsera kachingwe mu kankhono popanda kukavulaza. Yankho analipeza kugombe la nyanja, akulowetsa udzu m'chigoba cha nkhono. Anaona kuti udzu wolimba kutsinde koma wofewa kunsonga umatsatira bwino mapindidwe a chigobacho. Mu 1978 anaika chipangizo chake mwa Rod Saunders, ndipo ntchitoyi inabala kampani ya Cochlear.

Bungwe la FDA la ku America linavomereza chipangizo cha House mu 1984, cha njira zambiri cha akuluakulu mu 1985, ndipo mu 1990 linachivomereza kwa ana a zaka ziwiri kupita m'tsogolo. Mu 1991 Blake Wilson ndi anzake anafalitsa njira yotumizira magetsi ku maelekitirodi mosinthanasinthana, imodziimodzi mwaliwiro lalikulu, m'malo moti onse ayake nthawi imodzi n'kumasokonezana. Njirayi inathandiza kwambiri kuti anthu azimva zolankhula. Mu 2013 Clark, Ingeborg Hochmair ndi Wilson analandira limodzi mphoto ya Lasker.

Opaleshoni ndi kuphunzira kumva

Opaleshoniyi imatenga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, wodwala atagonekedwa tulo. Pakapita masabata angapo bala litapola, katswiri wa zakumva amayatsa chipangizocho n'kuyeza mphamvu yoyenera elekitirodi iliyonse. Kuyeza kumeneku kumabwerezedwa kangapo m'chaka choyamba, kenaka mwa apo ndi apo kwa moyo wonse.

Poyamba mawu amamveka achilendo, ngati a wailesi yosagwira bwino siteshoni, ndipo ubongo umazolowera pang'onopang'ono. Amene anagontha atadziwa kale kulankhula amafulumira kupindula. Mwana wobadwa wosamva amapindula kwambiri akaikidwa chipangizochi adakali wamng'ono, chifukwa mbali ya ubongo yomvera imakhwima m'zaka zoyambirira, ndipo amafunika kuphunzitsidwa kumva ndi kulankhula kwa zaka zingapo. Kwa yemwe wagontha ndi matenda oumitsa khosi nthawi imachepa kwambiri, pakuti kankhono kaja kakhoza kudzaza ndi fupa moti kachingwe kangalephere kulowa.

Chipangizochi sichibwezeretsa kumva kwachibadwa. Pamalo aphokoso, monga pamsika, kumva kumavutabe, ndipo nyimbo sizimveka bwino. Kukwera ndi kutsika kwa mawu nakonso sikumveka mokwanira, zomwe zimakhudza zilankhulo ngati Chichewa, momwe "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu zimasiyana ndi kamvekedwe kokha. Apa womvera amadalira mawu ena a m'chiganizo kuti adziwe tanthauzo.

Ku Malawi

Ana ambiri m'dziko muno amagontha chifukwa cha matenda opeweka, monga malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi ndi mafinya a m'khutu osatherapo. Mankhwala ena, monga kwinini, gentamicin ndi streptomycin, amathanso kuwononga kumva. Katemera woteteza ku chibayo ndi mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, yemwe anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2011, ndi imodzi mwa njira zochepetsera vutoli.

Maopaleshoni oyamba a cochlear implant m'dziko muno anachitikira ku Queen Elizabeth, pomwe Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero, anagwira ntchito limodzi ndi madokotala ochokera ku Britain. Mu 2017 iye ndi anzake anafalitsa lipoti la odwala anayi oyamba. Kuyeza kumva ndi kusamalira zipangizo kumachitika ku Queen Elizabeth komweko ndiponso ku chipatala cha zakumva cha African Bible College ku Lilongwe.

Chiwerengero cha opindula n'chochepa poyerekeza ndi osowa thandizo. Chipangizo chimodzi chimagulidwa pa madola masauzande ambiri, ndipo ndalama sizithera pa opaleshoni. Pamafunika mabatire kapena magetsi otchajira, mawaya olowa m'malo mwa oduka, ndi chigawo chakunja chatsopano chakale chikatha. Kwa banja la ku Chintheche, Kande kapena Mpamba m'boma la Nkhata Bay, ulendo wa ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 500, ndipo uyenera kubwerezedwa nthawi iliyonse yokayeza. Chinyontho cha kunyanja chimawononga chigawo chakunja, choncho chimafunika kuvulidwa posambira, pokhapokha chili ndi chophimba chosalowa madzi, ndi kuumitsidwa usiku. Chikawonongeka popanda china cholowa m'malo, munthu amabwerera ku kusamva ngakhale chigawo chamkati chili bwinobwino.

Chinenero chamanja

Ana ambiri osamva m'Malawi amaphunzira kudzera m'chinenero chamanja. Ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche, kuli sukulu ya ana osamva ya Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, ndipo zina zili ku Embangweni ku Mzimba, Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu ndi Mountain View ku Thyolo. Bungwe la MANAD limaimira anthu osamva m'dziko muno ndipo limalimbikitsa chinenerochi.

M'maiko ambiri, ena mwa anthu osamva amadziona ngati gulu lokhala ndi chinenero ndi chikhalidwe chake, osati odwala ofunika kuchizidwa, ndipo akhala akutsutsa zoika chipangizochi mwa ana omwe sangasankhe okha. Akatswiri ena amalangiza kuti mwana woikidwa chipangizochi aziphunziranso chinenero chamanja, kuti asasowe cholankhulira batire ikatha kapena chipangizo chikafa.